Zigamba si umphawi: yankho langa kwa anzanga a mu sitafu rumu



Lachisanu lapitali mnzanga wina anandipeza mu sitafu rumu ndikusoka pa nthawi ya buleki. Anaima kanthawi, kapu ya tiyi ili m'manja, kenaka anati, "Aphunzitsi, kodi malipiro achepa kufika poti mwayamba utelala?" Onse anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Ndisanayankhe belu linalira, aliyense n'kutola choko chake. Funsolo lakhala likundizungulira m'mutu sabata yonse, choncho ndati ndiyankhire pano, pamene belu silingandidule mawu.

Chimene ndinkasoka tsikulo ndi chofunda cha zigamba, chimene Azungu amachitcha quilt. Ndi nsalu zitatu zosanjikiza. Pamwamba pamakhala tizidutswa tansalu tolumikizalumikiza, pakati pamakhala chinthu chofunditsa monga bulangete lakale, ndipo pansi pamakhala nsalu imodzi yaikulu. Zitatuzi umazisokera pamodzi kuti zikhale chinthu chimodzi. Ichi ndi chachinayi chimene ndasoka, ndipo palibe chimene ndagulitsapo.

Chiyambi chake n'chakuti amayi anga anatisiya mu 2019. Pogawa katundu wawo, alongo anga anatenga zitenje zimene zinali zikadali zatsopano, monga mwambo wake. Panatsala zitenje 11 zothaitha, zina zong'ambika pakati, zina zosuluka. Wina anati zimenezo zikhale zokolopera. Mtima unandipweteka, ndipo ndinaziika m'thumba mwakachetechete n'kubwera nazo kwathu. Zinakhala pansi pa bedi pafupifupi chaka. Mayi a kunyumba ankangondifunsa kuti thumba limeneli lidzatuluka liti, ine yankho ndinalibe.

Mukukumbuka nonse kuti sukulu zinatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September. Munthu wozolowera kudzuka 5 koloko ndinapezeka ndilibe chochita, ndipo kuno ku Dedza kuzizira kwa June sikuchita kufunsa. Ndinatulutsa thumba lija n'kupita nalo kwa atelala ena achikulire amene amasokera pa khonde la sitolo. Ndinkafuna kuti andisokere. Iwo anaziyang'ana zitenjezo, n'kundiyang'ana ine, kenaka anati, "Aphunzitsi, ntchito imeneyi mtengo wake simungaukwanitse, chifukwa ndi ya masiku ambiri. Komanso zitenje za mayi anu mupatse munthu wina? Khalani apa ndikuonetseni kagwiridwe ka singano." Ndinakhala pa benchi ngati mwana wa Fomu 1, dipuloma yanga yonse ili phee.

Ndifotokoze kaye mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa ambiri amene amainyoza sanaionepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba ndi kusankha nsalu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Nsalu yabwino pa ntchitoyi ndi ya thonje lokhalokha. Masiku ano zitenje zambiri za pamsika ndi zosakaniza ndi nayiloni, ndipo m'maso zimaoneka zokongola kuposa za thonje. Kuti udziwe, umadula kachidutswa kakang'ono n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lake ngati la pepala, ndipo phulusa lake limanyenyeka ukalikhudza. Nayiloni imakhwinyata, imasungunuka, n'kusiya kachibulu kolimba kakuda. Ukasakaniza mitundu iwiriyi m'chofunda chimodzi, simbi ya makala imene ikuwongola bwino thonje idzaboola kachidutswa ka nayiloni kali pambali pake. Ndikunena zimene zinandichitikira.

Nsalu yakale umaitambasula moyang'anitsa ku dzuwa. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri, pamenepo patha, usadulepo. Zitenje za amayi zinali zitatha pakati, pamene ankaberekera ana ndi pamene ankakhalira pamphasa, koma m'mphepete zinali zolimba ndithu. Ngati nsalu zakale zaperewera, atelala amakhala ndi zidutswa zambiri zotsala akamasoka madiresi a zikwati, ndipo nthawi zambiri zimathera pa moto kapena kudzala. Ukawapempha bwino amakusungira. Koma nsalu yatsopano uichape kaye isanakumane ndi yakale. Thonje latsopano limachepa likachapidwa koyamba, pamene lakale linachepa kale, ndiye ukazisoka zosachapa chofunda chimadzakhwinyata tsiku lochichapa. Palinso za utoto. Nyowetsa nsalu yofiira kapena yabuluu, uipake pa kansalu koyera. Kakasintha mtundu, ichapenso mpaka madzi ayere. Chofunda changa choyamba chili ndi ngodya imodzi ya pinki imene poyamba inali yoyera, chifukwa ndinaona ngati kuchapa n'kutaya nthawi.

Zitenje zathu zili ndi maluwa aphokoso, ndiye ukaziika zokhazokha moyandikana maso amatopa. Ndinaphunzira kuzigawa milu iwiri, zowala ndi zakuda, n'kumazisinthanitsa, komanso kuika nsalu yopanda maluwa pakati kuti maso apume. Ukakayika kuti iyi ndi yowala kapena yakuda, ijambule pa foni, chithunzicho uchisandutse chakuda ndi choyera. Chimakuuza zoona pomwepo.

Chachiwiri ndi kudula, ndipo apa mphunzitsi wa masamu amakhala kwawo. Ndinkafuna chofunda cha masentimita 180 m'lifupi ndi 200 m'litali, kachidutswa kalikonse kakhale masentimita 10 mbali zonse. Ndiye kuti mizere 20 ya tizidutswa 18, pamodzi 360. Koma sudula masentimita 10, chifukwa msoko umadya nsalu. Anzathu a ku America amasiya kota ya inchi, imene ndi pafupifupi mamilimita 6. Ine ndimasiya sentimita imodzi mbali iliyonse chifukwa rula ya kusukulu imaonetsa bwino, choncho ndimadula masentimita 12. Chitenje cha mamita awiri chimatulutsa tizidutswa pafupifupi 144 totere, kutanthauza kuti zitenje zitatu zathunthu zikanakwanira. Zanga zinali zong'ambika, n'chifukwa chake zonse 11 zinalowamo. Ndinadula katoni ya sopo kukhala muyeso, n'kumalemba pa nsalu ndi choko chomwechi cha m'kalasi.

Inu amene munkandifunsa kuti, "Sala, mamilimita awiri okha mwatichotsera malikisi?" mverani apa. Kachidutswa kalikonse kakachepa ndi mamilimita 2, mzere wa tizidutswa 18 umaperewera ndi masentimita 3.6, ndipo ngodya zake sizikumana ndi za mzere wotsatira. Nsalu sinyengereka ngati mmene munkandinyengerera ine. Ndipo mukafuna tizidutswa ta ngodya zitatu, mumadula sikweya ija modutsa pa ngodya. Mbali yaitaliyo pa sikweya ya masentimita 10 ndi pafupifupi 14.1, monga Pythagoras anatiuzira. Mbali imeneyo imatanuka ikakokedwa chifukwa yadulidwa mopingasa ulusi wa nsalu, choncho uigwire mofatsa.

Chachitatu ndi kulumikiza. Umasoka tizidutswa kukhala mizere, kenaka mizere kukhala nsalu imodzi. Msoko uliwonse uusite usanapitirire, mzere uwu misoko igonere kumanja, wotsatira igonere kumanzere, kuti pokumana pasakhale chotupa. Ine makina ndilibe, zonse ndinasoka pamanja, mzere umodzi kapena iwiri madzulo aliwonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Musanayambe kusoka, yalani tizidutswa tonse pamphasa kuti muone maonekedwe ake, ndipo mutseke chitseko ngati m'nyumba muli mwana wokwawa kapena nkhuku.

Chachinayi ndi kusanjikiza. Pansi umayala nsalu yaikulu, ine ndinagula shiti pa kaunjika, ndipo izikhala yotsalira masentimita pafupifupi 10 mbali zonse. Pamwamba pake bulangete lakale lochapa bwino, lopyapyala, chifukwa lokhuthala singano sidutsa ndipo nthawi ya mvula siliuma. Pamwamba penipeni nsalu ya zigamba ija. Umazigwiriza ndi mapini kapena ndi misoko italiitali yodzachotsa, kenaka n'kuyamba kusoka modutsa zitatu zonse, kuyambira pakati kupita kumphepete kuti makwinya azithawira kunja. Mizere ya msoko isatalikirane kupitirira chikhatho. Amene alibe nthawi akhoza kungomanga mfundo ndi ulusi wokhuthala pa ngodya iliyonse, chimagwira bwino ndithu. Gulani kachitsulo kovala ku chala. Ine ndinakana poyamba, ndipo sabata yonse ndinkalephera kugwira cholembera.

Chomaliza ndi kutseka m'mphepete. Umadula timizere tansalu ta masentimita 6 m'lifupi, n'kutilumikiza kukhala chingwe chimodzi. Kuzungulira chofunda changa ndi masentimita 760, choncho ndinakonza mamita 8. Umachipinda pakati, kuchisokera kumaso, n'kuchitembenuzira kuseri. Pa ngodya imodzi kuseri ndinasokapo kansalu kolemba dzina la amayi ndi chaka. Ndinayamba mu April, ndinamaliza mu August.

Tsopano ndibwere ku funso la mnzanga uja.

Ife Amalawi tinakula tikuchita manyazi ndi chigamba. Ine kabudula wanga wa yunifolomu ku pulayimale anali ndi zigamba ziwiri kumbuyo, ndipo anzanga ankati ndavala magalasi. Ndinkayenda chammbali podutsa pamene paima atsikana. Sindinaganizepo kuti amayi ankakhala usiku pa koloboyi kusoka zigambazo kuti ndisapite kusukulu thako lili pamtunda. Chimene ndinkachita nacho manyazi chinali chikondi chawo ndi luso lawo. Ndazindikira izi ndili ndi imvi, iwo kulibe.

Kwina anthu anazindikira kale. Ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amayi amene makolo awo anali akapolo ankasoka zofunda ndi mabuluku akale a kumunda ndi matumba, chifukwa nyumba zawo zinali zozizira ndipo ndalama ya bulangete panalibe. Mu 2002 zofunda zimenezi zinaonetsedwa m'nyumba zosungiramo zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dziko la America. Ku Bengal, kumene ndi mbali ya India ndi Bangladesh, amayi amasanjikiza nsalu zawo zakale zovala n'kuzisoka ndi msoko wamba, ndipo chofundacho amachitcha kantha. Mu 1987 anthu a ku San Francisco anayamba kusoka chofunda chokumbukira abale awo amene anamwalira ndi Edzi. Chigawo chilichonse chinali cha munthu mmodzi, kukula kwake ngati manda, mapazi 3 ndi mapazi 6. Pochiyala koyamba ku Washington mu October chaka chomwecho chinali ndi zigawo 1,920, ndipo pano zili pafupifupi 50,000. Ndikaganiza za aphunzitsi anzathu amene tinawaika m'manda m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, ndimadzifunsa kuti ife tinawasungira chiyani. Ambiri ngakhale chithunzi chawo palibe.

Chitenje cha mayi wa Chimalawi ndi buku la mbiri yake. M'chofunda changa muli chitenje cha mpingo, cha ukwati wa mlongo wanga, cha chisankho cha 1994, ndi china cha nkhope ya Kamuzu chimene amayi ankavala povina ngati mbumba. Ndinachedwa nacho chimenechi, chifukwa ndikudziwa kuti amayi ambiri sankavina mwa kufuna kwawo. Pomaliza ndinachidula n'kuchiikamo. Pa masentimita 10 nkhope siionekanso, pamangooneka mtundu wa nsalu. Zaka zimenezo anadutsamo ndi iwo, ine ndilibe ufulu wozifufuta.

Pali zonena zotsutsa, ndipo sindizipeputsa.

Ena akuti nthawi palibe. Ndikudziwa. Kalasi ya ana 80, makope osachonga, masikimu, ndipo ena a ife tikaweruka timathamangira ku munda kapena ku kageni kuti mwezi uthe. Koma tinene zoona, anzanga, madzulo timakhala maola angati pa WhatsApp ndi Facebook? Ine ndimasoka mphindi 30 ndikumvera nkhani pa wailesi. Ntchito yathu ya uphunzitsi ili ndi vuto limodzi, zipatso zake siziona msanga. Mwana umamuphunzitsa lero, zotsatira zake udzazimva patapita zaka, mwina osazimva n'komwe. Mtima umatopa ndi kudikira kotere, ndipo tonse tikuwadziwa anzathu amene kutopako amakakuthetsera ku botolo. Ukasoka mzere umodzi umauona, umaugwira ndi manja, n'kukagona utamaliza kanthu.

Ena akuti bulangete la mu sitolo kapena la pa kaunjika ndi lotchipa kuyerekeza ndi miyezi inayi ya ntchito. Zoona zake, ndipo amene akungofuna kufunda akagule. Koma bulangete la mu sitolo silidziwa dzina la mayi anu. Komanso zinthu zimene ndinagula pa chofunda changa ndi ulusi, singano ndi shiti imodzi basi. Zina zonse zinali zopita kudzala.

Ena akuti ndi ntchito ya amayi. Apa ndimaseka. Yendani pa makonde a masitolo kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje muwerenge amene akupalasa makina, mupeza abambo ochuluka. Ndiye kuti mwamuna akamasoka kuti alandire ndalama palibe chovuta, koma akamasoka chifukwa akukonda, pamenepo wasanduka mkazi? Ndipo mawu akuti "ntchito ya amayi" anasanduka liti chitonzo, pamene tonse tinakulira m'manja mwa ntchito imeneyo?

Chotsutsa chimene chinandivuta kwambiri chinachokera kwa azakhali anga. Atamva zimene ndachita anatumiza uthenga wakuti zovala za malemu safunda usiku, ndidzalota nazo, komanso ndinatenga zitenjezo osauza akuluakulu. Pa mfundo yachiwiriyi ankanena zoona. Ndinalakwa, ndipo ndinapita kukapepesa. Mu July 2021 anabwera kudzacheza, ndipo ndinawayalira bulangete wamba. Mmawa ndinawapeza pabalaza atatambasula chofunda chija pa miyendo, akuloza ndi chala. "Ichi ankavala tsiku limene munabadwa inu. Ichi ndinawagulira ndine ku Limbe." Anakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira. Sanasinthe maganizo onse, anati m'nyumba mwawo sangachifunde. Koma ponyamuka anandisiyira zitenje zawo ziwiri zakale, n'kunena kuti, "Izi musoke ine ndikadali moyo, ndizione." Choncho amene mukufuna kuchita zofanana ndi zanga, funsani kaye abale. Mabanja amasiyana, ndipo chofunda chisakhale choyambitsa mkangano pakati pa anthu amene akulira munthu mmodzi.

Ndili ndi mlandu wina umene ndiyenera kuulula kwa inu ophunzira anga akale. Kangati kodi ndinaima patsogolo panu n'kunena kuti, "Mukalephera MSCE mudzakhala atelala pa khonde"? Ndinkaona ngati ndikukulimbikitsani. Chimene ndinkakuphunzitsani n'chakuti manja ndi a anthu olephera. Atelala amene anandikhazika pa benchi aja sukulu anasiyira ku pulayimale, koma amayang'ana munthu kamodzi n'kudziwa mamita a nsalu imene imukwane, amagawa ndi kuchulukitsa m'mutu mwachangu kuposa ana anga a Fomu 4, ndipo ana awo onse anawalipirira fizi ndi makina omwewo. Amene munamva mawu amenewo kuchokera pakamwa panga, makamaka inu amene lero mukudya za singano, ndikhululukireni.

Tonse tikudziwa kuti malo a ku yunivesite ndi ochepa kuyerekeza ndi ana amene amalemba mayeso chaka chilichonse. Phunziro la kusoka lilipo pa silabasi, koma sukulu zambiri sizilipereka chifukwa zilibe makina kapena mphunzitsi wake. Kusoka zigamba sikulira makina kapena magetsi. Kumalira singano, ulusi, sizasi imodzi yobwerekana, ndi zidutswa zimene atelala akutaya. Temu yathayi ndinayesa ndi ana 14 Lachitatu masana, anyamata 5 ndi atsikana 9. Tinasoka kachofunda ka mwana. Mnyamata wina amene m'kalasi sanamvetsepo kusiyana kwa kuzungulira kwa chinthu ndi kukula kwa malo ake anandiuza yekha kuti chingwe cha m'mphepete chikufunika mamita angati, ndipo anakhoza. Sindikunena kuti singano ilowa m'malo mwa buku. Ndikunena kuti ana ena nzeru zawo zimadzuka manja akagwira kanthu, ndipo ife timawatcha mbuli chifukwa sitinawapatsepo kanthu koti agwire.

Pempho langa ndi laling'ono. Anzanga aphunzitsi, pezani ntchito ya manja imene mungaikonde, kaya ndi kusoka, kuluka, kusema kapena kuumba, ndipo musaibise kwa ana. Akuoneni mukulakwitsa n'kumasula msoko n'kuyambiranso. Amene mukufuna kuyamba zigamba, musayambe ndi chofunda cha bedi monga ndinachitira ine. Yambani ndi tizidutswa 9, titatu m'mizere itatu, musoke kathumba ka pilo. Mukakamaliza mudziwa ngati mtima wanu ulipo. Inu ophunzira anga akale amene muli ndi mashopu osokera, musatenthe zidutswa. Ziikeni m'thumba, mundiuze, ndidzatuma mwana pa njinga.

Ndipo inu mnzanga wa kapu ya tiyi, malipiro ndi ochepadi, pamenepo sitikangana. Koma Lachisanu likubwerali ndibweretsa singano ziwiri. Ina ndi yanu.

Tionana ku asembule.